Msonkhano wa 4 koloko ku Laurel, ndi misonkhano yathu ya Lolemba

Pa 4 Julayi 2015 anthu ambiri kuno ku Maryland anali pa tchuthi chokumbukira ufulu wa dziko la America. Ena ankawotcha nyama kuseri kwa nyumba, ena ankadikira kuti kude akaonere makombola. Koma pa msewu wa Johns Hopkins Road, kamtunda pang'ono kuchokera pakati pa tauni yathu ya Laurel, tchuthi chinathera panjira. Kumeneko kuli Applied Physics Laboratory, imene anthu amangoitchula kuti APL, ndipo m'chipinda china cha kumeneko ndi momwe ankayendetsera chombo cha m'mlengalenga chotchedwa New Horizons. Chombochi chinanyamuka ku Florida mu Januwale 2006 pa ulendo wopita ku Pluto. Chinali chitayenda zaka 9 ndi theka, kutangotsala masiku 10 kuti chifike, pamene nthawi ya 1:54 masana chinangoti zii, osamvekanso.

Chinadzamvekanso 3:15. Kompyuta yake yaikulu inali italemedwa, ndiye chombo chinasamukira ku kompyuta yachiwiri n'kusiya ntchito zonse zasayansi, kudikira kuti anthu padziko pano achiuze chochita. Pomwe imakwana 4 koloko madzulo omwewo, gulu lofufuza vutoli linali litakhala kale pansi.

Chomwe chinachitika n'chakuti kompyutayo inapatsidwa ntchito ziwiri zolemera nthawi imodzi. Inali mkati mopanikiza zithunzi zomwe inajambula kale kuti pakhale malo, kwinaku ikulandira ndondomeko yonse ya masiku odutsa pa Pluto. Paja mapanga awiri avumbwitsa. Ife okonza makompyuta timaliona vuto lotere pafupifupi sabata iliyonse, kungoti laputopu ya mu ofesi umangoizimitsa n'kuyatsanso, pomwe iyi inali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 5 biliyoni. Uthenga unkatenga maola 4 ndi theka kuti ukafike, yankho maola enanso 4 ndi theka kuti libwere. Chombo sichikanaima kudikira munthu, komanso sichikanabwerera kuti chidzadutsenso kachiwiri. Alice Bowman, amene ankatsogolera oyendetsa chombocho, ndi anzake anagwira ntchito usana ndi usiku. Alan Stern, mkulu wa asayansi, anavomera kuti zoyezayeza za masiku amenewo, pafupifupi 30, zitayike, bola ntchito yaikulu ipulumuke. Malamulo atsopano ankayamba awayesa kaye pa makina ofanana ndi chombocho amene ali ku Laurel komweko asanawatumize. Pa 7 Julayi chombo chinabwerera mwakale, ndipo pa 14 Julayi chinadutsa pa Pluto monga anakonzera. Chithunzi chija cha dziko lokhala ndi chizindikiro ngati mtima, chimene ana athu amachiona m'mabuku a kusukulu, chinachokera pa ulendo umenewu.

Ine nkhaniyi imandikoka chifukwa cha msonkhano wa 4 koloko uja. Anthu anakumana pasanathe ola limodzi chombo chitamvekanso, pa tsiku la tchuthi, ndipo aliyense ankadziwa chomwe akumanirana: kumvetsa chomwe chavuta ndi kuyamba kukonza. Anasankha chotaya ndi chosunga. Anatuluka ndi ntchito m'manja. Sizinangochitika mwamwayi ayi, chifukwa mu 2013 anali atayeserera kale ndondomeko yodutsa pa Pluto pa chombo chenichenicho. Ndiyeno taganizirani msonkhano womaliza umene inu munakhalapo kuntchito kwanu. Kodi mungathe kunena, m'chiganizo chimodzi, chomwe munakumanirana?

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta pa kampani ina kufupi ndi kuno. Malaputopu, netiweki, mapirinta, komanso makamera ndi masipika a m'zipinda zamisonkhano, zonsezo zikavuta amaitana ine. Nthawi zambiri ndikalumikiza zipangizo amandipempha kuti ndikhale pakona, kuopa kuti zingavutenso. Motero ndakhala m'misonkhano yambiri kuposa mabwana ena, ndili chete kumbuyo ngati mpando. Ndimaonanso kalendala ya zipinda zonse. M'menemo muli misonkhano ya sabata ndi sabata imene amene anaiyambitsa anasiya ntchito kalekale, koma anthu amapitabe Lolemba lililonse poti foni yawakumbutsa. Ena amalowa pa Teams, kamera yozimitsa, n'kumayankha maimelo. Ukafunsa wina potuluka kuti mwagwirizana zotani, amangoti, "Tikumananso sabata yamawa."

Mliri wa Covid unangowonjezera moto. Kampani ya Microsoft inanena mu 2022 kuti nthawi imene munthu wogwiritsa ntchito Teams amathera m'misonkhano pa sabata inakwera ndi 252 peresenti poyerekeza ndi Febuluwale 2020. Kuitanitsa msonkhano kunasanduka chinthu chongodina batani, popanda kufunafuna chipinda kapena kugula tiyi. Koma mtengo wake ulipo. Tiyerekeze anthu 10 amene aliyense amalandira $40 pa ola. Akakhala pansi ola limodzi, $400 yapita. Akamatero sabata iliyonse, pa chaka ndi ndalama zoposa $20,000. Munthu akafuna kugula kompyuta ya $900 amadzaza mafomu ndi kusainitsa kwa mabwana awiri, koma msonkhano wa $20,000 aliyense amangoitanitsa osapempha kwa wina.

Ife ochokera kumudzi tinabwera kuno titanyamula zinthu ziwiri zokhudza misonkhano, ndipo zonse ziwiri zimatipweteka. Choyamba ndi chija tonse tikuchidziwa, msonkhano ngati munda. Amene anagwirapo m'boma kapena m'mabungwe ku Malawi akudziwa chifukwa chake zokambirana za ku Lilongwe zimakachitikira ku Mponela, ku Salima kapena ku Mangochi. Pepala lofunika kwambiri limakhala lija losainira alawansi. Nkhaniyi inafika poipa mu 2021 pamene kafukufuku wa K6.2 biliyoni yolimbana ndi Covid anaonetsa kuti ndalama zina zinathera m'maalawansi anthu akumwalira m'zipatala. Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anapatsa wachiwiri wake, malemu Saulos Chilima, ntchito yowunikanso dongosolo la maalawansi, kagulidwe ka katundu ndi makontirakiti a ntchito m'boma. Mu 2022 mlembi wamkulu wa boma, Colleen Zamba, analetsa misonkhano ya kunyanja. Sindikunyoza munthu wa malipiro ochepa amene alawansi ndiyo imamulipirira fizi ya mwana. Koma chizolowezicho chimaphunzitsa munthu kuti ntchito yake pa msonkhano ndi kupezekapo basi. Kuno alawansi kulibe, koma kukhala pansi mwaulemu mpaka msonkhano uthe kunatitsatira.

Chachiwiri ndi ulemu womwewo. Tinaleredwa kuti wamkulu akayankhula, mwana amati "zikomo". M'maofesi akwathu bwana ndiye amatsegula ndi maganizo ake, ena onse n'kumatsatira: "Monga anenera kale bwana..." Ukafika kuno pamawonjezereka nkhani ya chilankhulo. Munthu wangoyamba kufotokoza, wina wakufunsa kuti ubwereze, kachiwiri wakufunsanso, kachitatu umangoti bola ndikhale chete. Anzathu obadwira kuno amalowererana m'kamwa popanda kuona kuti ndi mwano, ife tikudikira mpata umene sudzabwera. Vuto ndi lakuti kuno munthu wachete amamutenga ngati wavomera, kapena ngati alibe chonena. Ikafika nthawi yowunika ntchito ya chaka, amalemba kuti ndiwe wolimbikira koma sutsogolera, ndipo wokwezedwa amakhala wina.

Kukhala chete pa msonkhano kunaphapo anthu, ndipo chitsanzo chake chikuchokera ku NASA komweko, bungwe limene linatumiza New Horizons. Usiku wa pa 27 Januwale 1986 panali msonkhano wa pa telefoni pakati pa akuluakulu a NASA ku Florida ndi ku Alabama, ndi kampani ya Morton Thiokol ku Utah, imene inkapanga maroketi a chombo cha Challenger. Mainjiniya a kampaniyo, mmodzi mwa iwo Roger Boisjoly, anachenjeza kuti mphira zotsekera molumikizira maroketi zimauma kukazizira, ndipo analangiza kuti chombo chisanyamuke ngati kuzizira kwatsika kupitirira madigiri 53 a kuno, omwe ndi pafupifupi 12 a kwathu. Akuluakulu a NASA sanakondwe nazo. Mabwana a kampaniyo anapempha kuti akambirane kaye paokha, ndipo mmodzi anauza mkulu wa mainjiniya kuti aganize ngati bwana, asiye kuganiza ngati injiniya. Mabwana okhaokha ndi amene anapanga chiganizo. Atabwerera pa telefoni n'kunena kuti chombo chinyamuke, wa ku NASA anafunsa ngati pali wina wa maganizo osiyana. Panalibe anayankha.

M'mawa mwake Challenger inanyamuka kukuzizira pafupifupi madigiri 2 a kwathu, ndipo patangotha masekondi 73 inasweka m'mwamba. Anthu onse 7 anafa, kuphatikizapo mphunzitsi Christa McAuliffe, ana asukulu akuonera pa TV. Anthu odziwa vutolo analipo pa msonkhanowo. Anayankhula, ndithu, koma pa mphindi imene chiganizo chinkapangidwa iwo anali atakankhidwira pambali, ndipo funso lomaliza linafunsidwa mwa mtundu uja woti munthu wamng'ono sangayankhe pamaso pa bwana wake amene wangovomera kumene.

Misonkhano yathu ya kuntchito siinyamula miyoyo chotero, ngakhale kwa alongo athu ogwira m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba nthawi zina imanyamuladi. Koma matenda ake ndi omwewo. Ndipo mankhwala ake ine ndinawaona koyamba kumudzi, pa bwalo la mfumu. Amene anakhalapo pa mlandu wa malire a munda akumbukira momwe zimayendera. Wodandaula amafotokoza, wodandaulidwa amayankha, mboni zimanena zomwe zinaona, nduna zimafunsa mafunso ndi kuunika. Mfumu imakhala phee, ndipo imayankhula pomaliza, itamva onse. Makolo athu ankadziwa kuti mfumu ikangoonetsa komwe yapendekera poyamba, mlandu watha, palibenso amene anene zoona. Ndiye ulemu womwewo umene umatitseka pakamwa mu ofesi, pa bwalo anaupezera njira. Chodabwitsa n'chakuti dongosolo la m'maofesi akwathu linatenga ulemu n'kusiya njirayo.

Ngati inu ndinu wotsogolera gulu kuntchito, kaya ndi anthu atatu okha, yesani zimenezi Lolemba likubwerali. Fotokozani funso, koma maganizo anu muwasunge. Yambani ndi amene ali pafupi kwambiri ndi vutolo, amene nthawi zambiri ndiye wamng'ono pa udindo, ndipo mumutchule dzina. Funso loti "alipo wotsutsa?" silithandiza. Bola kufunsa munthu mmodzi mmodzi kuti, "Ukuona kuti izi zingalakwike pati?" Pa gulu lathu la makompyuta mayi wina atabwera kudzatitsogolera anayamba kuchita chonchi. Panali vuto lina loti anthu ogwirira ntchito kunyumba ankangodukaduka pa netiweki ya kampani, ndipo akuluakulu anali atakambirana kale kangapo zogula makina atsopano. Tsiku limene anayambira kufunsa ife oyankha mafoni, mnyamata wina wochokera ku West Africa, amene anali asanayankhulepo pa msonkhano, ananena kuti madandaulo onse amene iye ankalandira ankachokera kwa anthu a malaputopu a mtundu umodzi, ndipo anayamba sabata imene tinaikamo pulogalamu ina yatsopano. Zinatheka masana omwewo, popanda kugula kanthu. Iye ankadziwa kwa milungu itatu, koma panalibe anamufunsa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, inde, koma ena chitsekocho amaopa kuchigwira ngati bwana wakhala pomwepo.

Nanga ngati simutsogolera, muli ngati ine wa pakona? Chida chanu chachikulu ndi kulemba. Pepala lilibe katchulidwe ka Chichewa kapena ka Chiyoruba, ndipo palibe angalilowerere m'kamwa. Mukadziwa kuti mawa kukambidwa nkhani imene mukuidziwa bwino, tumizani imelo ya mizere isanu madzulo ake kwa wotsogolera: chomwe mwaona, manambala ake, ndi chomwe mukuganiza kuti chichitike. Mawa lake ndi iye amene adzakuitaneni kuti mufotokoze, ndipo ngakhale wina atafuna kutenga ganizo lanu ngati lake, tsiku ndi nthawi zili pa imelo. Kampani ya Amazon, imene likulu lake lachiwiri lili ku Arlington kutsidya kwa mtsinje wa Potomac, inatengera zimenezi patali. Mu 2004 Jeff Bezos analetsa PowerPoint pa misonkhano ya akuluakulu ake. M'malo mwake wobweretsa nkhani amalemba chikalata chosapitirira masamba 6, ndipo msonkhano umayamba ndi anthu onse kuwerenga mwakachetechete pafupifupi theka la ola. Ine sindinganene kuti ofesi iliyonse itengere zimenezo, masamba 6 ndi ambiri. Koma ndaona ndi maso anga kuti zithunzi zokongola za pa sikirini zimabisa maenje amene chiganizo cholembedwa sichingabise, ndiponso kuti zimakondera munthu wa pakamwa pothwa.

Anamwino ali nayo kale njira yawo yofanana ndi imeneyi, ndipo ambiri a inu ogwira ntchito zachipatala mukuidziwa ndi dzina loti SBAR. Inachokera kwa asilikali apamadzi a America oyenda m'sitima za pansi pa nyanja, ndipo zipatala za Kaiser Permanente ndi zomwe zinaibweretsa m'ntchito zaumoyo. Munthu amanena zinthu zinayi motsatana: chomwe chikuchitika pano, mbiri yake mwachidule, momwe iye akuonera, ndi chomwe akupempha kuti chichitike. Ubwino wake uli pa ziwiri zomalizazo. Namwino wamng'ono poyankhula ndi dokotala wamkulu amakakamizika kunena maganizo ake, ndipo dokotalayo sangaone ngati mwano poti ndi dongosolo la ntchito. Ine ndimagwiritsa ntchito njira yomweyi pofotokoza za seva imene yagwa, ndipo sizitenga mphindi ziwiri.

Pa nkhani ya ajenda ndinene pang'ono. Ajenda yambiri imene ndimaiona ndi mndandanda wa mitu chabe: bajeti, malipoti, zina ndi zina. Mutu woti "bajeti" mutha kuukambirana mpaka dzuwa kulowa. Mukaulemba ngati funso, monga "Kodi tigule malaputopu 20 mwezi uno kapena tidikire Okutobala?", aliyense amadziwa pomwe nkhaniyo yathera, komanso zimaoneka msanga kuti ofunika pa funsolo ndi anthu anayi, ena asanu ndi mmodziwo akhoza kupitiriza ntchito zawo. Chovuta kwambiri chiikeni poyamba mitu idakali yozizira. Mngelezi wina, C. Northcote Parkinson, analemba mu 1957 za komiti yongopeka imene inavomereza m'mphindi zochepa ntchito yomanga malo opangira mphamvu za nyukiliya, chifukwa palibe ankaimvetsa, kenako n'kukangana nthawi yaitali za denga la shedi yosungira njinga ndi za khofi wa pa misonkhano. Amene anakhalapo mu komiti ya ukwati akudziwa kuti nkhani ya holo ya madola zikwi zingapo imadutsa msanga, koma mtundu wa nsalu za anthu operekera zakudya umatha Loweruka lonse.

Mphindi zisanu zomaliza ndi zomwe zimatayika kawirikawiri, chifukwa nthawi yatha ndipo ena aima kale pakhomo kudikira chipinda. Koma m'menemo ndi momwe muli phindu lonse. Wina awerenge mokweza zomwe mwagwirizana, ndipo chilichonse chikhale ndi dzina la munthu mmodzi ndi tsiku. Osati dipatimenti, osati "tonse". Kwathu timakonda kutseka ndi mawu oti "tiona" kapena "zimenezo zitsatidwa", ndipo Chingerezi cha m'maofesi chilinso ndi mawu ake ozembera ofanana nawo. Atsatire ndani? Maminitsi a masamba anayi ofotokoza kuti uje anati, uje anayankha, amene amatuluka patatha milungu iwiri, palibe amawawerenga. Mizere itatu yotumizidwa tsiku lomwelo imagwira ntchito. Ndipo msonkhano wotsatira uyambire pa mizere itatu yomweyo: zatheka kapena ayi.

Ife a makompyuta tili ndi kamsonkhano ka m'mawa uliwonse kotchedwa stand-up, kochokera ku njira yogwirira ntchito yotchedwa Scrum. Ndi mphindi 15 basi, ndipo ambiri amachita ataimirira kuti miyendo iwakumbutse nthawi. Aliyense amanena pomwe wafika ndi chomwe chikumutchinga. Nkhani ikafuna kukula, awiri kapena atatu okhudzidwawo amatsalira, ena n'kumapita. Kakayamba kutenga mphindi 40, dziwani kuti wina wakasandutsa bwalo lodzionetsera kwa bwana. Palinso makampani amene anaona kuti kudulira nthambi sikukwanira. Mu Januwale 2023 kampani ya ku Canada ya Shopify inafufuta m'makalendala a antchito ake misonkhano yonse yobwerezabwereza ya anthu oposa awiri, n'kulamula kuti Lachitatu pasamakhale misonkhano. Wofuna kubwezeretsa wake ankayenera kuganiza kaye ngati ukufunikadi. Inu simungafufute kalendala ya kampani yonse, koma mutha kufunsa mwaulemu amene akuitanitsa kuti, "Pa msonkhano uwu mukufuna chiyani kwa ine?" Nthawi zambiri yankho limakhala loti mungowerenga zotsatira.

Ndipatukeko pang'ono, poti ambiri a ife Loweruka ndi Lamlungu timakhalanso m'misonkhano ina, ya mpingo, ya mabungwe a Amalawi, ya komiti yotumiza maliro kumudzi. Kumeneko ndiye kumavuta zedi. Wa 2 koloko umayamba 4 koloko, a Chair amatenga ola lathunthu polonjera, nkhani ya ndalama imafika anthu a shifiti ya usiku atanyamuka kale. Mawu aja timawakonda oti "ndikupereka ganizo" ndi "ndikuvomereza ganizolo", kuno ali ndi buku lake, Robert's Rules of Order. Analilemba ndi injiniya wa asilikali, Henry Martyn Robert, amene mu 1863 anapemphedwa kutsogolera msonkhano pa tchalitchi ku New Bedford, Massachusetts, zinthu n'kumusokonekera mpaka kuchita manyazi. Bukulo linatuluka mu 1876 ndipo mabungwe ambiri a ku America amalitsatirabe. Pa msonkhano wa anthu asanu kuntchito ndi lolemera kwambiri, musavutike nalo. Koma pamene pali ndalama za gulu ndi anthu 40 okwiya, mfundo zake zimateteza: nkhani imodzi pa nthawi imodzi, munthu asayankhule kachiwiri ena ofuna kuyankhula asanapatsidwe mpata, ndipo chiganizo chilembedwe momwe chavoteredwa. Wofuna kuona dongosolo lotere likugwira ntchito apite tsiku lina ku msonkhano wa khonsolo ya mzinda wa Laurel ku Municipal Center pa Sandy Spring Road. Lamulo la Maryland la Open Meetings Act limafuna kuti mabungwe aboma otere alengeze misonkhano yawo, atulutse ajenda isanachitike ndi kusunga maminitsi, ndipo khomo ndi lotsegula kwa aliyense. A Chair athu atapitako kamodzi kokha, bwenzi zinthu zitasintha.

Tibwerere kuntchito, chifukwa pali mfundo ziwiri za malamulo zimene anthu akwathu ambiri sazidziwa ndipo zimawadyera ndalama kapena kuwaika m'mavuto. Yoyamba ikukhudza olipidwa pa ola. Pansi pa lamulo la dziko lonse la Fair Labor Standards Act, nthawi ya msonkhano kapena maphunziro a kuntchito imawerengedwa ngati nthawi ya ntchito, pokhapokha zinthu zinayi zitakwaniritsidwa zonse pamodzi: zikuchitika kunja kwa maola anu a ntchito, kupitako n'kongofuna nokha, sizikukhudza mwachindunji ntchito yanu, ndipo simukugwirako ntchito ina iliyonse. Ndiye akakuuzani kuti aliyense apezeke pa msonkhano wa antchito Loweruka m'mawa, kapena mubwere mphindi 20 shifiti isanayambe kuti mudzamve malangizo, imeneyo ndi nthawi yolipidwa. Ikapangitsa kuti sabata yanu idutse maola 40, kwa ambiri ndi ovataimu. Iyi si alawansi yopempha ayi, ndi malipiro anu. Lembani maolawo penapake tsiku lomwelo.

Yachiwiri ndi yojambula mawu. Ndimafunsidwa kawirikawiri ndi abale athu amene Chingerezi chothamanga chimawadutsa, kuti kodi sangangoyatsa foni m'thumba n'kukamvetsera bwino kunyumba. Ku Virginia ndi ku Washington DC lamulo limalola ngati mmodzi mwa oyankhulanawo wavomera, ngakhale akhale wojambulayo. Ku Maryland ayi. Kuno kujambula zokambirana zachinsinsi kumafuna chilolezo cha onse, ndipo kuphwanya lamuloli ndi mlandu waukulu. Popeza ambiri a ife timagona ku Laurel n'kumagwira ntchito ku DC kapena ku Virginia, kapena kulowa msonkhano wa pa Zoom tili kunyumba, njira yosavuta ndi kupempha nthawi zonse. N'chifukwa chake Teams ndi Zoom zimalengeza kwa aliyense kujambula kukayamba. Timapulogalamu tatsopano tija tolowa nawo pa msonkhano n'kumalemba zonse zoyankhulidwa nato tikufunika chilolezo chomwecho, komanso cha kampani, poti mawu a anthu ndi zinsinsi za ntchito zimakasungidwa pa makompyuta a anthu ena. Ine ndapemphedwapo kangapo kuti nditseke timapulogalamu totere titalowa pa msonkhano popanda wodziwa mwini wake.

Ngati chomwe mukufuna ndi kumva bwino basi, yatsani mawu olembedwa pansi pa sikirini. Pa Teams ndi pa Zoom pomwe alipo, amalemba zomwe munthu akunena nthawi yomweyo, ndipo pa Teams amaoneka kwa inu nokha. Akakanika kuyatsa, pitani kwa munthu wa makompyuta wa pa ofesi panu akuthandizeni. Ndi ntchito ya mphindi imodzi.